Usamuzembe Mlongo Wako

Mwana wanga Tiyamike,

Ndikulemba kalatayi ndili pansi pa mtengo wa mango uja wa kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba. Usipa uli padzuwa, ndipo mayi ako akuganiza kuti ndakhalira kuingitsa nkhuku ndi akhwangwala. Akhwangwalawo lero adya bwino. Iwe uli kumsika kukagula sopo ndi ndowa yoti upite nayo kukoleji, ndiye ndati ndilembe usanabwere. Umandidziwa bwino. Pa mtengo wa nsomba ndimakangana mpaka mawu kusasa, koma nkhani za m'nyumba mwanga zimandiima pakhosi ngati munga wa utaka. Nditati ndikuuze pamaso, ndingathere pokufunsa ngati watenga bulangete.

Mawa ukupita kukaphunzira za maganizo a anthu, kuti udzagwire ntchito ndi ana onga mlongo wako Kondwani. Ndikunyadira, ndipo ndauza kale aliyense amene waima pathandala panga, ngakhale amene amangofunsa njira ya ku Chipoka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho pita. Za anyamata, za mowa ndi za kupemphera mayi ako akuuza kale mpaka makutu kutentha, ine sindiwonjezerapo. Langa ndi limodzi, ndipo ndilibwereza mpaka utope nalo: usamuzembe mlongo wako.

Ndikudziwa zimene wakonza. Dzulo ndinakuona ukuzungulira kuseri kwa bafa ndi chikwama, n'kulowa kwa anaMbewe, aneba athu. Sindinawafunse kanthu. Iwo aja mawu amawayabwa, moti anabwera okha ngati odzagula ndiwo n'kukhuthula zonse. Akuti wasungitsa chikwama ndi nsapato zatsopano zakuda zija, ndipo mawa utuluka kusanache, kumapazi kulibe kanthu, ukavalira kwawo. Madzulo ano umupatsa Kondwani masilipasi ako akale kuti aike pansi pa mphasa yake monga mwa masiku onse, agone akudziwa kuti Tiya wake sangapite kulikonse. Mayi ako nawo anandiuza mawu ako akuti, "Amayi, akangolira ine sindipita." Sindikukudzudzula, mwana wanga. Nzeru imeneyi sunaitole panjira, unaitengera kwa ine, ndipo n'chifukwa chake ndili ndi manyazi.

Kwathu kuno mwana satsanzikidwa, amazembedwa. Mayi akamapita kuchigayo amauza mwana kuti taona mbalame iyo, mwana akacheuka iye walowa kale kuseri kwa nkhokwe. Ena amati ndikupita kukabayitsa jakisoni, kuti mwana aope kulondola. Tonse tinakula choncho. Tinkalira pang'ono, wina n'kutipatsa mbatata, basi taiwala. Ine ndinkaona ngati ndi chifundo, ndipo kwa ana ambiri mwina n'chifundodi. Koma Kondwani saiwala ndi mbatata. Mnyamata ameneyu lero wandifika paphewa, mawu ake ndi ochepa, phokoso la chigayo limamugwiritsa makutu, koma chimene chamuchitikira kamodzi amachisunga osachitaya. Zina zimene ndilembe pano unaziona wekha, koma unaziona ndi maso a mwana, ndipo sunazimvepo kuchokera kwa ine.

Ali wamng'ono, asanafike msinkhu wa sukulu, anali ndi mawu awiri atatu, ndipo amodzi anali akuti baba. Ankandikakamira kwambiri. Tsiku lina ndinali ndi ulendo wa ku Lilongwe ndi matumba a usipa, galimoto ikudikira kumsewu, iye atandigwira thalauzi. Ndinamuuza kuti, "Kondwani, kanditungire madzi akumwa." Anathamangira kumtsuko mokondwa, chifukwa ntchito imeneyo anali atangoiphunzira kumene. Ine ndinatulukira kumpanda wa kuseri, ndikudziyamikira mumtima kuti ndine wochenjera. Ulendo umenewo nsomba sizinayende malonda, ndinapitirira nazo mpaka ku Mchinji, ndipo ndinakhalitsa. Nditabwera mayi ako anandiuza kuti mwana anaima pachipata ndi kapu yake mpaka mdima, osalola munthu kumulanda, ndipo m'mawa uliwonse ankakatunga ena n'kukaimanso pomwepo. Nditalowa ndi buledi m'manja sanandiyang'ane. Mawu akuti baba sindinawamvenso mpaka lero.

Pambuyo pake nsapato zinayamba kusowa. Ndikasoka matumba madzulo, m'mawa nsapato zanga kulibe. Tinkazipeza mumtsuko, m'chikwatu cha nkhuku, tsiku lina mumphika wa nyemba. Kenako anapeza malo ake okhazikika, pansi pa mphasa yake, n'kumagonapo. Ine ndinkati ndi mwano. Ndinamumenya, Tiyamike, osati kamodzi. Tsiku lina galimoto inandisiya, usipa n'kunyowa ndi mvula pamsewu, ndipo nditabwerera ndinamumenya ndi nsapato yomweyo. Iwe unalowa pakati ndi yunifolomu yako ya kupulayimale, ukulira, n'kunena kuti, "Ababa, menyani ine." Kuyambira pamenepo ndinayamba kuponya nsapato padenga ndisanagone. Iye ankaima pabwalo n'kumayang'ana kudengako, akudziluma dzanja. Ine ndinkati ndapeza mankhwala ake, ndipo ndinauzako anzanga kudoko ngati nkhani yoseketsa.

Pali china choipa kuposa kumenya. Zaka zimenezo malonda anga anayamba kuyenda, ndinafolera nyumba ndi malata, ndipo anthu anayamba kunong'ona. Ukudziwa zimene amanena kuno munthu wa geni akakhala ndi mwana wotere: amati anakhwimira mwanayo, anamupusitsa kuti nsomba ziziyenda. Tsiku lina ndikutsitsa matumba ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Malata awo ndi ubongo wa mwana uja." Ndikanayenera kumunyamula Kondwani paphewa n'kuyenda naye msika wonse. M'malo mwake ndinakweza mpanda, n'kulamula kuti asamatuluke. Kutchalitchi tinkapita atatu, iye n'kutsala ndi anaMbewe. Mlendo akafunsa kuti muli ndi ana angati, ndinkayamba ndayang'ana kumbali ndisanayankhe. Ndipo chifukwa mtima wolasidwa umafuna woti umulase, ndinauza mayi ako kuti kwathu kulibe zoterezi, zachokera kumtundu kwawo. Mawu amenewo anandikhululukira, koma ine ndikawakumbukira ndimamva kutentha kumaso. Ukadzakumana ndi bambo wobisa mwana kuseri kwa mpanda, usadzafulumire kunena kuti alibe chikondi. Ena aife chikondi chinalipo, koma mantha a pakamwa pa anthu anachikwirira.

Kuchipatala cha kuboma munayamba kupita naye Kondwani ndinu awiri, iwe ndi mayi ako, ine osafuna kumva. Kumeneko kunkabwera masiku ena Mayi Kamanga, katswiri wa za maganizo a ana. Mukabwerako ndinkafunsa kuti mankhwala ali kuti. Mukati sanapereke, ndinkaseka n'kunena kuti dokotala wosabaya ndi wosapereka mapilitsi ameneyo ndi mnzanu wocheza naye chabe. Mayiwo anatumiza uthenga kangapo kuti akufuna kuona bambo a mwana. Ine ndinkati ndatanganidwa, pomwe zoona zake ndinkaopa kukwera minibasi ndi mwana wanga anthu akuona. Tsiku limene ndinagonja ndi pamene mayi ako anati, "Mukapanda kupita, ndikawauza kuti bambo ake anamwalira, asiye kuvutika n'kufunsa." Ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinapukuta nsapato, ndipo m'minibasi ndinakhala mpando wa kutsogolo, inu atatu kumbuyo, ngati sitikudziwana.

M'chipindamo munalibe bedi kapena fungo la mankhwala. Munali mkeka, tizidole ndi zitsekerero za mabotolo m'chitini. Mayi Kamanga anali atavula nsapato zawo pakhomo, atakhala pamkeka ngati ali pakhonde la kwawo. Kondwani atangolowa anatola nsapato zawozo n'kuzikhalira. Ine dzanja linanyamuka lokha kuti ndimumenye.

"Musiyeni, abambo a Kondwani," anatero mayiwo, osakweza mawu. "Takhalani pansi pano tione limodzi."

Ndinakhala, jekete likundithina. Tinakhala nthawi yaitali osachita kanthu, iwo akungoyang'ana mwana, mwana akuzunguza chitsekerero. Mumtima ndinkati ndasiya nsomba padzuwa chifukwa cha zimenezi. Kenako anafunsa kuti, "Kodi kunyumba amabisa nsapato za ndani?"

"Za aliyense," ndinatero. "Ndi khalidwe lake loipa."

Iwe unayankha uli kumbuyo kwa mayi ako, ndi mawu a manyazi. "Ayi, amabisa za ababa, za amayi ndi zanga. Za alendo sakhudza."

Mayiwo anaseka. "Ndiye kuti ine ndalowa m'banja. Nanga anayamba liti, ndipo amabisa nthawi yanji?"

Mayi ako anafotokoza za matumba, kuti akangoona singano ndi chingwe madzulo, nsapato zapita. Pamenepo Mayi Kamanga anatembenukira kwa ine. "Abambo, mukamachoka pakhomo mumamutsanzika?"

"Amayi, munthu wosamva zinthu ngati ameneyu n'kumutsanzika bwanji?"

"Akanakhala wosamva zinthu, akanadziwa bwanji kuti thumba likasokedwa madzulo, m'mawa bambo ake kulibe? Mwanayu wakhala akulankhula nanu nthawi yonseyi. Pakamwa pakumukanika, ndiye akulankhula ndi nsapato. Akuti musapite ine osadziwa."

Tiyamike, ndachitapo manyazi m'moyo wanga, koma a tsiku limenelo anaposa onse. Ndinayang'ana nsapato zanga zopukuta bwino zija, zomwe ndinamumenya nazo, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika. Chimene ndikufuna usaiwale ndi ichi: mayi aja sanandiwonjezere katundu. Anaona kuti ndagwa kale, ndipo sanandipondenso. Anayamba kufunsa mayi ako za kadyedwe ka mwana kuti ine ndipeze mpata wopukuta m'maso. Iwenso udzakhala ndi makolo patsogolo pako amene achita zopusa ngati zanga. Udzawauze zoona, koma udzawasiyire poponda, chifukwa bambo amene wanyozedwa kuchipatala sabwereranso, ndipo wovutika amakhala mwana.

Potuluka ndinatsalira dala, n'kuwafunsa chimene chinkandidya zaka zonsezo. Ndinawauza za kapu ya madzi ija, ndipo ndinati, "Kodi mwanayu ndinamuwononga ndine?" Anati ayi. Anati Kondwani anabadwa ndi ubongo wogwira ntchito mwa njira yakeyake, ndipo anatchula dzina lake loti otizimu, lomwe lilime langa linatenga chaka kuti lilizolowere. Anati si ine, si mtundu wa mayi ako, si mankhwala a munthu, ndipo ana otere ena mawu amawathawa ngakhale pasachitike kanthu. "Koma mantha oti anthu amangosowa," anatero, "amenewo tingathe kuwachepetsa, ndipo woti awachepetse ndinu." Sanandilonjeze kuti mwana adzachira kapena kuti adzalankhula. Ndinakhumudwa nazo tsiku limenelo, chifukwa asing'anga onse amene tinapitako ankalonjeza. Lero ndimaona kuti pa onsewo amene sanatinamize ndi iwo okha. Usadzalonjeze kholo chimene sungathe kupereka, ngakhale likulire bwanji.

Zimene anatiphunzitsa uzidziwa kuposa ine. Nsapato tisamulande, azisunga ndi iyeyo. Woyenda azimuuza dzulo lake, ndi mawu ochepa, omwewomwewo nthawi zonse. M'mawa azigwada pamphasa, n'kunena kumene akupita ndi pamene abwere, kenako n'kutambasula dzanja kudikira kuti mwana apereke yekha. Pobwera, chinthu choyamba ndi kuvula n'kumubwezera. Kunena n'kosavuta. Ulendo woyamba analira mpaka aneba anasuzumira pampanda, anadzigwetsa, anandiponyera nsapato imodzi kumaso, inayo n'kuikhalira. Galimoto inapita. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Ndinabwerera kwa Mayi Kamanga n'kuwauza kuti nzeru zawo zikundigwetsera geni. Anandifunsa kuti kodi usipa ndimauumitsa pouwuzira ndi pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha ndinalibe. Koma m'mawa wina, nyengo ya mphepo ya mwera, anatulutsa zonse ziwiri n'kuziika pamapazi anga, nkhope atayang'ana kukhoma. Ndinavala, ndinatuluka pachipata cha kutsogolo iye akuona, ndipo nditafika kumsewu ndinalira ngati mwana, kondakitala n'kumandifunsa ngati kwagwa maliro.

Tsopano ndikuuze chimene sukuchidziwa. Chipsera chili pamphumi pa mlongo wako tinakuuza kuti anagwa pakhonde. Sanagwe pakhonde. Unali kwa azakhali ako ku Khombedza patchuthi, ndipo unachoka bwinobwino, utamutsanzika. Zinthu zinali zitayenda bwino kwa nthawi yaitali, mpaka ine ndinayamba kuona ngati vuto latha. M'mawa wina galimoto inabwera msanga, dalaivala akuimba hutala kumsewu, Kondwani ali m'tulo. Ndinati ndikamudzutsa tichedwa, komanso wakula, wazolowera. Ndinalowetsa dzanja pansi pa mphasa pang'onopang'ono ngati wakuba, n'kusolola nsapato zanga. Atadzuka n'kupeza palibe, anamenyetsa mutu kukhoma mpaka magazi. Mayi ako atathamangira kukatenga nsalu, iye anatuluka. Anamupeza ndi wakabaza wina, akuyenda pakati pa msewu waukulu kulowera kumene galimoto zimapita, magazi ali kumaso, malole akumuzemba. Wakabazayo anamudziwa chifukwa cha mphekesera zomwe zija, anati ndi mwana wa bambo wa malata uja. Foni inandipeza ndisanafike n'komwe ku Lilongwe.

Zitatero tinayambiranso pachiyambi, ndipo ulendo uno zinatenga nthawi yaitali kuposa poyamba. Ankagona atagwira nsapato m'manja. Ndinapita kwa Mayi Kamanga ndili wokonzeka kukalipiridwa, mwinanso ndinkafuna andikalipire kuti mtima upepuke. Iwo anangoti, "Mwaona nokha kuti amakukhulupirirani. Munthu sakhumudwa choncho ndi amene samukhulupirira. Tiyeni tiyambirenso." Tinakubisira chifukwa ine ndinapempha mayi ako kuti asakuuze. Ndinkaopa maso ako. Ndakuuza lero chifukwa msewu uja ukadali pomwepo, malole akadadutsabe, ndipo Kondwani wa lero ali ndi miyendo yoti mayi ako sangamupeze.

Ndiye taganiza, mwana wanga. Ine amene ndinamumenya, nditamuzemba anachita zimenezo. Nanga iwe? Iwe ndi amene unamuphunzitsa kugwira supuni ndi kumanga mabatani. Iwe ndi amene umadziwa kuti akamang'ung'udza chapansipansi ndiye kuti mutu ukumupweteka. Dzina lako ndi limene linatsala pakamwa pake pamene ena onse anathawa. Pa anthu onse a pakhomo pano, amene sanamunamizepo ndiwe wekha. Ukamuzemba, mawa akadzuka apeza masilipasi ako ali pansi pa mphasa, ayamba kukufuna kubafa, kuthandala, kunyanja, chifukwa kwa iye munthu amene nsapato zake zilipo sanachoke. Adzakufuna mawa, mkuja ndi masiku otsatira. Ndipo tsiku limene adzazindikire kuti nsapato nazonso zimanama, sindikudziwa kuti tidzamugwira ndi chiyani. Usamuzembe mlongo wako.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Sukuopa kuti iye alira, ukuopa kuti iweyo ukamuona akulira umasula chikwama. Tamvera. Ulendo uwu upita, alire asalire. Wamulera mokwanira mwana amene sunabereke, pamene bambo ake anali moyo, akubisala kuseri kwa matumba a usipa. Anzako akusewera fulaye iwe unali pamzere kuchipatala. Zimenezo zinali zanga, ndipo ndinakusenzetsa uli wamng'ono. Ukatsala chifukwa cha iye, manyazi anga adzakhala awiri. Kulira kwa mawa ndi kwanga, ndidzamugwira ndine. Ndikudziwa kagwiridwe kake tsopano: kuchokera kumbuyo, mwamphamvu koma osamufinya, osalankhula zambiri, mpaka thupi litafewa. Ndinachedwa kuphunzira, koma ndinaphunzira.

Kumene ukupitako akakuphunzitsa mayina aakulu a zinthu zimenezi, ndipo uwaphunzire bwino, usakachite ulesi. Koma ukadzakhala pamkeka wako, udzakumbukire kuti Mayi Kamanga anayamba ndi kuyang'ana, kenako kufunsa, ndipo yankho linachokera kwa kamtsikana kamene kanabisala kumbuyo kwa mayi ake. Uzidzafunsa onse a m'nyumba, ngakhale ana. Uzidzaitana abambo, ndipo akakana uzidzaitanabe, chifukwa ambiri aife timakana ndi pakamwa pokha. Mwana akamachita chinthu chodabwitsa, usadzayambe ndi kufunsa kuti timuletse bwanji, udzayambe ndi kufunsa kuti akutiuza chiyani. Izitu ndikukuuza ngati ndine mphunzitsi, pomwe ndine wophunzira amene anabwereza kalasi. Koma ntchito imeneyi sungakaiyambe bwino kwa ana a eni utaiphwanya pakhomo pako m'mawa wonyamuka.

Sabata yatha, utapita kukatenga makalata ako, ndinakwera minibasi ndekha kukaonana ndi Mayi Kamanga. Akalamba pang'ono, koma amakhalabe pansi. Ndinawafunsa kuti ulendo wautali ngati uwu tingamuuze bwanji munthu amene sadziwa miyezi. Anati timupatse chinthu choti aziona ndi maso ake tsiku lililonse, ndipo chikhale choona. Ndinaganiza njira yonse, n'kudzapeza yankho pakhomo pomwe pano. Mango uyu wayoyola maluwa, tizipatso take ndi tating'ono ngati nyemba. Mukamadzatsekera sukulu adzakhala atapsa. Choncho mawu ake ndi awa, ndipo usawasinthe: "Tiya akupita kusukulu. Tiya abwera mango akapsa." Ukanena zimenezo, ubweredi. Kaya anzako adzakuitanira kwawo, kaya kudzapezeka kaganyu ka patchuthi, mango akapsa iwe udzatsike pamsewu uja. Anatinso uziimba foni Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, ngakhale iye asayankhe kanthu. Amamva.

Tsopano ndikuuze zimene ndachita, ndipo ukwiye ngati ukufuna. Utangonyamuka kupita kumsika ndinapita kwa anaMbewe n'kukatenga nsapato zako zakuda. Chikwama ndachisiya. Ndinamutenga Kondwani n'kubwera naye pansi pa mtengo uno, ndinamugwiritsa kachipatso kamodzi, ndipo ndinamuuza mawu aja. Anamva bwino lomwe. Anadzigwetsa pamchenga, anadziluma dzanja, anaitana dzina lako mpaka mayi ako anatuluka ndi ufa m'manja. Ndinamugwira mpaka anatopa. Atakhala chete ndinamupatsa nsapato zija. Anazinunkhiza, anazitembenuza uku ndi uku, kenako analowa nazo m'nyumba. Choncho kulira koyamba kwadutsa kale, ndipo walirira pa ine. Kwa mawa kudzakhalapo, sindikunamiza, koma sikudzakhala kwa munthu wodzidzimutsidwa.

Mawa sunyamuka mumdima. Tidikira kuche, anthu atsegule mashopu. Tikuperekeza tonse kumsewu, kudutsa pakati pa msika, ndipo Kondwani ndimugwira dzanja ndine. Sindinayambe ndayendapo naye pamenepo, ndipo wakula chonchi anthu ena a kudoko sadziwa nkhope yake. Amene akufuna kunena za malata anene. Ndikufuna aone ndi maso ake ukukwera minibasi, chitseko chikutsekedwa, kuti akadziwe kuti wapita ndi galimoto ndipo kukufuna kunyanja n'kosathandiza. Ya m'mawa ikakusiya, ina ibwera. Ine zandisiyapo zambiri ndipo Lilongwe sanasamuke.

Ukawerenga kalatayi usapite kwa anaMbewe kukafuna nsapato. Zili pansi pa mphasa ya mlongo wako. Usazisolole. Kukacha ukagwade pambali pake, umuuze wekha ndi pakamwa pako, utambasule dzanja, udikire. Akachedwa, dikirabe. Akaponya imodzi, tola, udikire inayo.

Ukabwera kumsika undipeza pansi pa mtengo pano, ndipo usaseke ukaona mapazi anga. Atasunga zako zija anabweranso, anagwada, n'kundivula zanga masana ano dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo. Anaima nazo patsogolo panga akundiyang'ana m'maso, iye amene sayang'ana munthu m'maso. Ndinamuuza kuti, "Zimenezo sunga. Baba sapita." Usipa wa chaka chino ndigulitsira pathandala pompano kwa amene akupita nawo ku Lilongwe, apindule ndi iwowo. Nsapato zanga ndidzamupempha tsiku limene iwe udzamubwezere zako.

Uyende bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere.

Ndine bambo ako.